Sevu ya a Mphezi

Pa kalabu ya tenesi imene inali kuseri kwa siteshoni ya sitima panali lamulo limodzi losalembedwa paliponse, koma ngakhale mlendo ankalidziwa asanamalize kumanga zingwe za nsapato. Loweruka m'mawa mpira woyamba ankamenya a Mphezi, ndipo mpira umenewo sunkabwezedwa. Woima tsidya linalo ankapinda mawondo, raketi ili m'manja awiri, nkhope ili gwa, kenako mpira ukamadutsa iye n'kukupiza mphepo. Akatero ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Aaa, a Mphezi, mudzapha munthu inu!" Apo ndiye kuti masewero a tsikulo atsegulidwa.

Dzinalo sanawapatse mwachifundo ayi. Kale, akadali bwana wa siteshoni, sevu yawo, mpira woyambira uja, inkang'amba mphepo. Akuluakulu a pakalabu ankalumbira kuti inadulapo neti. Ena ankati inaswa galasi la galimoto ya wapampando woyamba. Nkhanizi zinkanenepa chaka ndi chaka pamene sevuyo inkawonda. Tsopano mutu unali mbuu, phewa linkalira ngati chitseko cha kukhitchini, ndipo mpira unkawoloka neti mosapupuluma, moti munthu wa maso abwino akanatha kuwerenga zolembedwa pampirapo. Koma ndani akanatsegula pakamwa?

Mkamwini wawo ankakonza mawailesi, ma TV ndi mafoni m'kashopu kopanikizika pakati pa telala ndi wometa tsitsi. Pakalabu ankamutcha Wamawaya. Tenesi sankasewera, ndipo raketi ankaigwira ngati akufuna kupha nayo udzudzu. Ntchito yake inali kusiya apongozi pabwalo ndi kudzawatenganso. Apongoziwo sankamuda, koma sankamuonanso kwenikweni. M'galimoto ankamufunsa za thanzi la mwana wawo ndi la mdzukulu, kenako n'kumayang'ana pawindo.

Mavuto Wamawaya anawaputa yekha. Tsiku lina ali pabenchi anamva wapampando akudandaula kuti makalabu ena ali ndi makina oyezera liwiro la mpira, ngati aja a pa TV, munthu akamenya nambala n'kutuluka pa bolodi. Wamawaya anaona kuti apongozi akumvetsera. Pakamwa panatsogola, mutu n'kutsalira m'mbuyo.

"Zimenezo n'zosavuta, bwana wapampando. Ndikhoza kulumikiza."

A Mphezi anatembenuka n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, ndipo mtima wa Wamawaya unavina.

Analumikizadi. Anapeza kachipangizo konga kamene apolisi apamsewu amalozetsa magalimoto, kamene kamatumiza mafunde osaoneka, mafundewo n'kugunda chinthu chothamanga n'kubwerera kudzaulula liwiro lake. Anakaika pamiyendo itatu ya kamera yakale. Bolodi anagula yotha ntchito ya pamalo omwetsera mafuta, ya manambala ofiira aakulu ngati dzanja la munthu, imene kale inkalengeza mtengo wa petulo. Anawotcherera mawaya mpaka shopu yonse kununkha utsi. Poyesa, analozetsa njinga ya telala, bolodi n'kulemba 14. Telalayo anakana kwamtuwagalu, akuti njinga yake siyenda ngati ya munthu wodwala.

A Mphezi nawo anali atayamba kulankhula m'galimoto.

"Akamwini, makina anuwo amafika pa 200?"

"Amafika, bambo."

"Chabwino. Ndimaopa kuti angapse."

Mawu amenewo anamulowa Wamawaya ngati madzi ozizira kumsana. M'kati mwa sabata, apongozi akuyeserera ndi anzawo, anaika kachipangizo kaja pampando wa galimoto n'kukalozetsa pabwalo kudzera pawindo. Mnyamata wina wa kubanki atamenya, kagalasi kakang'ono ka pachipangizocho kanalemba 168. A Sisitala, namwino wopuma amene ankaseva chapansi ngati akudyetsa nkhuku, anapeza 48. Kenako a Mphezi anaponya mpira m'mwamba, n'kubuula mwamphamvu ngati sitima ikunyamuka, n'kumenya. Makilomita 83 pa ola. Wamawaya anagogoda chipangizocho ndi chala, n'kudikira mpira wina. Kanalemba 81.

Madzulo anapeza mkazi wake akusita yunifolomu ya mwana, n'kumuuza zonse. Mkaziyo anaimika simbi chilili.

"Ndiye mukufuna muwalembe 83 bambo anga pa bolodi ya petulo, anthu onse akuona?"

"Si ine wolemba, mayi. Ndi makina."

"Makinawo anabwera okha? Anakwera basi?" Anazimitsa simbi pakhoma. Mawu anatsika, ndipo kutsikako kunali koopsa kuposa kukalipa. "Mwaiwala mmene analili atatuluka m'chipatala? Munthu wongokhala pampando, miyendo itatupa, osafuna ngakhale kumeta ndevu. Adokotala anati mtima uja ukufuna aziyendayenda. Tinayesa zonse, anakana. Chinawadzutsa ndi mpira wa Loweruka umenewu. Mukawachititsa manyazi adzasiya, ndipo akasiya mukudziwa kumene tikupita."

Wamawaya ankadziwa. Ndiye ananyamula apongozi pamasitepe a chipatala tsiku lija, ndipo anadabwa kupepuka kwawo.

"Ndiye nditani? Ndiwauze kuti makina afa?"

"Kuti anene kuti ndinakwatiwa ndi munthu wolephera kulumikiza mawaya? Chitanipo kanthu. Si inu Wamawaya?"

Anachitapodi kanthu. Anatenga karimoti kotsegulira geti, n'kukalumikiza ku bokosi la bolodi mwakuti akadina kamodzi, nambala iliyonse inkawonjezeka ndi 60. Akadinanso, bolodi inkabwerera pa chilungamo. Poyamba anaganiza za 40, koma anaona kuti 123 ndi yochepa kwa munthu wotchedwa Mphezi. Anaganizanso za 100, n'kuchita mantha kuti atolankhani angabwere. Anakhazikika pa 60, n'kudzitamanda mumtima kuti ndi munthu wodziwa malire.

Loweruka lotsegulira makina anthu anabwera ambiri kuposa masiku onse. Bolodi anaipachika pawaya wa mpanda, chipangizo chili kumbuyo kwa mzere. Apongozi aakazi, amene kawirikawiri sankabwera, anakhala pabenchi ya kutsogolo ndi ambulera ndi chikwama pamiyendo. A Mphezi anatulukira atavala zoyera zokhazokha, kabudula atasitidwa mpaka mzere wake kuthwa. Wapampando anakaima tsidya linalo kuti alandire, kapena tinene kuti aphonye. Anthu a pakalabu ankapewa kuyang'anana. Aliyense anali atangozindikira m'mawa womwewo zimene bolodi ikanati inene, ndipo aliyense ankafuna kuti magetsi azime.

Wamawaya anaima pafupi ndi chipangizo, dzanja lili m'thumba la buluku. Anadina.

Mpira unakwera, kubuula kunamveka, raketi inalira. Mpira unawoloka mwaulemu wake wa masiku onse, wapampando n'kukupiza mphepo. Maso onse anathamangira kumpanda.

143.

Bwalo linaphulika. A Sisitala analulutira. Mnyamata wa kubanki anavula chipewa. Wapampando anayang'ana bolodi, n'kuyang'ana raketi yake, n'kuyamba kukayika ngati zaka zonsezi ankaphonyadi mwadala. "Ndinkanena ine!" anakuwa wina amene sananenepo chilichonse. Apongozi aakazi okha ndiwo anangokweza nsidze, chifukwa iwo ndiwo ankapaka mankhwala paphewa lija madzulo alionse.

A Mphezi sanadumphe, sanakuwe. Anayang'ana nambalayo ngati mmene ankayang'anira sitima yofika pa nthawi yake. Kenako anayenda mwa mdidi kudutsa bwalo lonse, anthu akuona, mpaka pamene panaima mkamwini wawo, n'kutambasula dzanja.

"Akamwini, ntchito mwaigwira."

Chikwatire mwana wawo, Wamawaya anali asanamvepo mawu otere. Ndipo apongozi sapatsidwa moni ndi dzanja limodzi lina lili m'thumba. Anatulutsa manja onse awiri, lamanzere kugwira chigongono cha lamanja, n'kuwerama pang'ono, maso ali pansi. M'maso munabwera misozi yeniyeni. Karimoti kanatsala m'thumba osadinidwa, ndipo mwini wake, mutu uli m'mitambo, anakaiwaliratu.

Wotsatira anali a Sisitala. Anagwira mpira kunsonga za zala, n'kuukankha chapansi monga mwa chizolowezi chawo. Mpirawo unakwera, n'kuganiza kaye, n'kutsikira tsidya lina.

108.

"Mayo ine!" A Sisitala anaponya raketi pansi n'kuyamba kuvina. "Ndipo nyamakazi yandigwira lero! Nanga ndikanakhala bwino?"

Anthu anaseka, koma kuseka kwina kunali ndi mafunso. Wamawaya anali akulandirabe moni kwa anthu, kumbuyo kuli ku bolodi. Mpira wa a Sisitala unagubuduzika mpaka pa benchi, n'kuima pa phazi la apongozi aakazi. Iwo anautola, ndipo osaimirira n'komwe, osasiya ambulera, anauponya kubwalo ndi dzanja lamanzere.

79.

Apa ndiye kuseka kunasweka kwenikweni. "Mayi, inunso? Ndi za m'banja zimenezi!" Mnyamata wa kubanki anagwira m'mimba. Wamawaya anatembenuka, n'kuona nambalayo. Dzanja linathamangira m'thumba, koma linachedwa, ndipo maso a a Mphezi analiona likulowa.

Munthu amene wathera moyo wake akuwerengera nthawi za sitima samuvutitsa masamu. A Mphezi anayang'ana bolodi, n'kuyang'ana akazi awo ndi ambulera yawo, n'kubwerera kwa mkamwini. Kuseka kunazima pang'onopang'ono, kuyambira kwa amene anali pafupi.

"Akamwini, mwawonjezera zingati?"

Wamawaya anafuna kunama, koma bodza linali litamuthera. "60, bambo."

Milomo ya a Mphezi inagwedezeka pang'ono, akuchotsera. Kenako anatembenukira kwa wapampando, ndipo anafunsa mofatsa, ngati munthu wofunadi kudziwa.

"Nanga inu, achimwene, mpira wa 83 mumauphonya bwanji?"

Wapampando anapeza chinthu chofunika kwambiri pa zingwe za raketi yake. A Sisitala anayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. A Mphezi anamva yankho lonse. Analowetsa raketi m'chikwama chake, n'kukoka zipi mpaka kumapeto, n'kuuza akazi awo kuti azipita. Galimoto ya mkamwini anaidutsa ngati sakuidziwa, n'kukakwera takisi.

Loweruka lotsatira sanabwere. Linalonso sanabwere. Pakalabu anthu ankaima ndi maraketi osadziwa woti ayambe, mpaka wina n'kungomenya mwamanyazi. Wapampando anapita ndi anzake awiri kukapepesa. A Mphezi anawalandira bwino, n'kuwapatsa tiyi, n'kukamba nawo za kukwera mtengo kwa simenti mpaka alendowo kutsanzika.

Mpando wa pakhonde unabwerera pamalo pake akale. Apongozi aakazi ankaimba foni tsiku ndi tsiku. Akuti bambo akungokhala. Akuti ndevu zayambanso. Akuti dzulo nsapato zinakana kulowa, mapazi atatupa. Mkazi wa Wamawaya ankamvetsera atatembenukira kukhoma, akamaliza n'kuika foni pansi mwakachetechete.

"Ndinati muwateteze," anatero tsiku lina. "Sindinati muwapachike pampanda."

"Munati ndichitepo kanthu."

"Kanthu. Osati 60."

Nthabwala zinali zitamuthera Wamawaya, ndipo chisoni chinamugwira chenicheni. Iye ankafuna kuti nkhalambayo imuone. Inamuonadi, ikutaya zonse zimene inali nazo. Makina aja anawapasula n'kuwakankhira pansi pa tebulo la kushopu, kuseri kwa ma TV amene eni ake anawaiwala. Telala atamufunsa ngati angayezenso njinga, anamuyankha moipa mpaka anachita kukapepesa.

Tsiku lina chakumasana, akulimbana ndi foni yogwera m'madzi, pakhomo pa shopu panada. Atadzutsa mutu anaona apongozi ataima ndi wailesi yaing'ono m'khwapa, atavala jekete, ndevu zili mbuu, kumapazi kuli masilipasi. Wamawaya anadzuka mofulumira mpaka kugwetsa bokosi la masikuluwu. Anapukuta mpando ndi malaya ake.

"Khalani, bambo. Mwayenda bwanji? Kunyumba ali bwanji amayi?"

"Ali bwino. Wailesi iyi muione."

Anaitsegula. Inalira bwinobwino. Anasintha masiteshoni, anaigwedeza, anaitembenuza.

"Ikulira bwino, bambo."

"Ndikudziwa." A Mphezi anayang'ana mashelefu, mawaya olendewera, kalendala ya chaka chatha. Aka kanali koyamba kulowa m'shopumo. "Makina aja munataya?"

"Ali pansi apa."

"Nanga kabodza kaja?"

Wamawaya anatsegula kabati n'kutulutsa karimoti. Anakapereka ndi manja awiri. A Mphezi anakatembenuza, n'kukadina kamodzi, n'kupukusa mutu.

"Kanthu kakang'ono chonchi." Anakaika m'thumba la jekete. "Ine ndinkayendetsa siteshoni, akamwini. Sitima ikachedwa tinkalemba kuti yachedwa. Anthu ankatukwana, koma ankadziwa poima. Inu nonse munandisiya ndikudikira sitima imene inapita kalekale."

"Ndinalakwa, bambo. Ndinkaopa kuti musiya kusewera."

"Ndiye ndasiya." Anayang'ana kukhomo. "Tsekani shopu. Raketi ili kwa wometa uyu, ndinachita manyazi kulowa nayo."

Masana a m'kati mwa sabata pabwalo panalibe munthu, kupatula njiwa zimene zinkayendayenda pamzere. Wamawaya anaimika chipangizo n'kutsamiritsa bolodi pa benchi. A Mphezi anavula jekete, n'kupinda manja a malaya. Nsapato za tenesi zinalowa movutikira, zingwe osamanga mpaka pamwamba. Anapukusa phewa, phewalo n'kuyankha.

Mpira woyamba unagwera mu neti. Wachiwiri unawoloka.

76.

A Mphezi anayang'ana nambalayo nthawi yaitali. Wamawaya anafuna kunena kuti ndi chifukwa cha kukhala masiku ambiri, kapena mphepo, kapena mabatire, koma anadziluma lilime. Anali ataphunzira.

"Wina," anatero a Mphezi.

78. Kenako 77. Kenako anaponya mpira patsogolo pang'ono, thupi n'kuutsatira, bolodi n'kulemba 82.

"Zinayi zija zachokera kuti?"

"Zisanu, bambo."

"Ndimakuyesani." Anali wefuwefu, thukuta likutsika m'ndevu, koma maso sanachoke pa bolodi. Kenako anatsamira raketi n'kulankhula osamuyang'ana. "Mpira umenewu aliyense akhoza kuubweza."

"Inde, bambo."

"Sisitala akhoza."

"Akhoza."

"Ngakhale inu?"

"Ndikuganiza choncho, bambo."

A Mphezi anatulutsa raketi yachiwiri m'chikwama, yakale, ya chogwirira chokulungidwa ndi tepi yakuda, n'kumupatsa. "Pitani uko. Ndipo mumve bwino. Mukauphonya mwadala ndidziwa. Ndaonerera anthu akuphonya mwadala kwa zaka zambiri, tsopano ndikudziwa mmene amaonekera. Mukatero sindidzapondanso pano."

Wamawaya anazungulira neti. Anali atavala nsapato zachikopa ndi ovolosi ya kuntchito, sikuludalaivala ikadali m'thumba la pachifuwa. Anaima pamene ankaona ena akuima. Sanafunepo chinthu m'moyo mwake monga anafunira kubweza mpira umenewo. Anauza maso ake, anauza manja ake, anapempheranso pang'ono.

Mpira unakwera. Kubuula kunamveka. Wamawaya anauona ukubwera, wachikasu, woonekeratu, ndipo anati mumtima, uwu ndi wanga. Unagunda pansi n'kunyamuka mofulumira kuposa mmene unkaonekera ali pabenchi. Anauthamangira, n'kukupiza ndi mphamvu zonse za m'thupi, maso atatsinzina. Raketi inadutsa pamwamba, mpira pansi. Mphamvuyo inamuzunguza, nsapato zachikopa zinaterereka, ndipo anakhala pansi ndi matako onse awiri, sikuludalaivala n'kuulukira uko. Njiwa zinathawa.

Anakhala pomwepo. A Mphezi anabwera mpaka pa neti n'kumuyang'anitsitsa ngati wapolisi.

"Mwaphonya dala?"

"Ayi, bambo! Ndikulumbira. Ndinayesetsa ndi mtima wonse."

Nkhalamba inayang'ana fumbi la pa ovolosi, chigongono chosupuka, nsapato imodzi itavuka. Wapampando sanagwepo. Mnyamata wa kubanki sanasupukepo. Mapewa a a Mphezi anayamba kugwedezeka, ndipo kuseka kunatuluka kuchokera pansi pa mimba, kuseka kwa chikhakhali kokhala ndi chifuwa m'kati, mpaka anagwira neti kuti asagwe. Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, ndipo misozi ina sinali ya kuseka.

"Ndakhulupirira," anatero. "Munthu sanganamizire kusadziwa kotere."

Anatembenuka kuyang'ana bolodi. Inali italemba 84.

"Dzukani, akamwini. Mawa mubwere ndi nsapato zina, izi mudzathyoka nazo mwendo. Ndikuphunzitsani mpaka mudzaubweze." Anatulutsa mpira wina m'thumba la buluku n'kubwerera kumzere, akudumphitsa mpirawo pansi. "Koma musafulumire kwambiri."